Satifiketi ili pakhoma, zinyalala m'ngalande

Anthu a dera lathu ku Ndirande adandisankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko chifukwa ndidali mphunzitsi ndipo ndimalemba zooneka bwino. Chifukwa china panalibe. Ine panthawiyo ndinkayesa kuti aona nzeru.

Maphunziro a utsogoleri adatipeza kolera itatisautsa. Mukuukumbukira mliri wa 2022 mpaka 2023 uja, womwe udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale. Tisanapume, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Apa m'pamene mabungwe adakumbukira kuti ngalande za m'makwalala zili ndi eni ake. Bungwe lina lidaitana ife a makomiti pamodzi ndi ma block leader, amene ambiri timangowatchula kuti mafumu, kuti akatiphunzitse kutsogolera anthu.

Sindinyoza zomwe tidaphunzira. Adatifotokozera za mphamvu ku anthu, ndondomeko yomwe boma lidakhazikitsa mu 1998, kuti chitukuko chiziyambira pansi: kumudzi kudzera m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, m'tauni kudzera mwa khansala ndi komiti ya wodi. Adatiphunzitsa kujambula mapu a dera lathu. Adatiphunzitsa mtengo wa mavuto, pomwe vuto ndi thunthu, zoyambitsa zake ndi mizu, zotsatira zake ndi zipatso. Ndiye panali ndandanda wa magawo atatu: chochita, wochita, tsiku lomalizira. Pakati pa zonsezi tinkaimirira kuomba m'manja mwa mtundu wachilendo, kumwa Fanta ndi bani, madzulo n'kusainira ndalama ya thiransipoti, ngakhale ine ku holoko ndinkapita wapansi. Mayi wotiphunzitsa adatsindika mfundo ziwiri. Yoyamba, mtsogoleri salamula, amafunsa. Yachiwiri, kusintha kuyambire kunyumba kwanu.

Anzanga adaimva mfundo yachiwiriyi monga momwe timamvera ulaliki. Ine ndidaitenga yonse, pamodzi ndi mapepala akuluakulu otsala ndi maka yofiira.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndidapeza akazi anga ali pakhonde, akusadzula nkhwani.

"Mayi, madzulo ano tikhala ndi msonkhano wa banja."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Tikambirane za chitukuko cha pakhomo pano."

Adandiyang'ana, n'kuyang'ana pepala lomwe ndidapinda m'khwapa, n'kupitiriza kusadzula. Koma madzulo adabwera, ana nawonso adabwera. Ndidamata pepala pakhoma, ndidajambula mtengo wokongola, ndipo monga mtsogoleri wosalamula ndidapempha aliyense atchule vuto momasuka.

Chitsiriziro wathu adati vuto ndi loti adadi amaumirira rimoti pakakhala mpira. Ndidati zimenezo si zachitukuko. Mwana wamkazi adati chitseko cha bafa chilibe loko, amachita kuimba nyimbo posamba kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Kenako akazi anga adapukuta m'manja pachitenje n'kuyamba. Mpope wa panja ukudontha chiyambire Khirisimasi. Chivundikiro cha chimbudzi chidathyoka. Mpondagiya yemwe azaumoyo adatiuza kuti timange nthawi ya kolera adatsala timitengo tiwiri. Dzenje la zinyalala lidadzaza kalekale ndipo lina silidakumbidwe.

"Lembani, bambo. Si ndinu alembi?"

Ndidalemba. Titafika pa gawo la wochita, mwana wamkazi adafunsa mwaulemu kuti pajatu woyenera kukonza mpope ndani. Mzere woyamba, adadi. Wachiwiri, adadi. Pofika wachisanu dzanja linkangodzilembera lokha. Ndidafunsa za mizu ya mavutowa, monga adatiphunzitsira, ndipo onse adangoti duu, maso ali pa ine. Msonkhano ndidautseka chifukwa cha nthawi.

Pepalalo lidakhala pakhoma mpaka tsiku lomwe tidamva kuti apongozi akubwera kuchokera ku Thyolo. Ndidalimatula, ndidalipinda, n'kuliponya m'jumbo ya zinyalala.

Kunja zinthu zinkandiyendera bwino kwambiri. Tidasonkhanitsa anthu pabwalo, amayi adajambula mapu a dera lonse, nyumba ndi nyumba, mpope ndi mpope, ndipo padaoneka poyera kuti madzi amasefukira pamalo amodzi, pakamlatho pomwe ngalande yathu imatsikira kumtsinje wa Nasolo. Apa ndidalankhula ngati phungu. Ndidadzudzula majumbo. Ndidakumbutsa anthu kuti boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015. Ndidati munthu wotaya zinyalala m'ngalande ndi mdani wa ana athu, ndipo anthu adaomba m'manja. Tidagwirizana chindapusa cha K5,000, ndipo lamulolo ndidalilemba ndine m'buku la komiti, n'kulidula mzere kunsi.

Tsopano ndiulule. Dzenje lija sindidakumbe. Nthaka ya pakhomo pathu ndi yamiyala, msana wanga ndi wa munthu yemwe wakhala zaka zambiri ataima pabolodi, ndipo kulipira mnyamata waganyu ndinkaona ngati kuononga ndalama ya mtsogoleri. Tsono zinyalala zikadzaza thumba, akazi anga ankati, "Bambo, onani chochita nazo." Ine ndinkaona chochita nazo cha m'ma 10 koloko usiku, pakamlatho paja, nditavala chipewa. Ndinkadziuza kuti thumba limodzi silingatseke ngalande, komanso kuti mvula ikabwera zipita zokha. Mwina onse otaya pamenepo ankadziuza zomwezo, koma enawo analibe satifiketi ya utsogoleri ngati ine.

Tidasankha Lachisanu lachiwiri la mwezi, tsiku lomwe boma lidaika mu 2020 kuti anthu azisesa m'madera mwawo. Achinyamata adalowa m'ngalande ndi makasu ndi mafosholo. Mudatuluka matewera a ana, mabotolo, nsapato imodzi, tayala la njinga. Ine ndidaima pamtunda ndi buku, kulemba maina a obwera. Ndiye mnyamata wina, yemwe ndidamuphunzitsa Sitandade 6, adakoka thumba, lidang'ambika, ndipo m'kati mudagwa jumbo yomangidwa bwino. Adaimasula. Maka yomwe adatipatsa ku maphunziro idali yabwino zedi, inki yake sidasungunuke ngakhale pang'ono. Mnyamatayo adatambasula pepala, adaona mtengo, adaona ndandanda, n'kuwerenga mokweza monga ndidamuphunzitsira.

"Kukumba dzenje la zinyalala. Wochita, adadi." Adakweza mutu. "Aphunzitsi, si zolemba zanu izi?"

Kukana kudali kosatheka. Theka la anthu a pabwalopo adaphunzira kulemba potengera dzanja lomwelo. Amfumu adatsokomola. Amayi ena adaluma nsonga ya chitenje. Akazi anga, omwe adali ndi tsache m'manja, sadanene kanthu, adangopitiriza kusesa, koma mapewa ankagwedezeka.

Chindapusa ndidalipira, ndipo dzina loyamba m'buku la olakwa ndi langa, lolembedwa ndi ine. Popeza kudali pakati pa mwezi, penshoni isanatuluke, K5,000 yo ndidakakongola ku banki m'khonde ya amayi a dera lathu, komwe msungichuma ndi akazi anga omwewo. Adandiwerengera chiwongoladzanja chonse, osachotsako ngakhale tambala. Ndili pamenepo ndidaona momwe amayendetsera gululo. Alibe maka, alibe mtengo wa mavuto, koma amadziwa yemwe wabweza, yemwe akuzemba ndi yemwe mwana wake wadwala. Pakagwa maliro, ufa ndi nkhuni zimakhala zitasonkhana ife a komiti tisanagwirizane tsiku la msonkhano.

Ngalande ija tsopano ikuyenda, ndipo mvula yapitayi madzi sadalowe m'nyumba za kumunsi. Dzenje ndidakumba, ngakhale kuti mnyamata uja ndiye adamaliza.

Chaka chino bungwe lija lidaitanitsanso anthu awiri kuti akaphunzire kusunga mabuku a gulu. Komiti idasankha mnyamatayo ndi akazi anga. Abwerako dzana ndi mapepala akuluakulu ndi maka ziwiri, ndipo andiuza kuti Lamlungu likudzali ndisachoke, kuli msonkhano wa banja. Mfundo yoyamba ndi mpope.