Galasi latsopano landiika poyera

Mwamuna amene ali ndi galimoto yakale sanena kuti ndi yakale, amati ndi yolimba. Ine ndine mkulu wa mpingo umenewu. Ndili ndi kapikapu ka Datsun 1200, mtundu uja anayamba kupanga ku South Africa mu 1971, n'kudzautcha Nissan 1400 pambuyo pake, mpaka fakitale ya ku Rosslyn inausiya mu 2008. Mbiri imeneyi ndimaifotokoza pamaliro, paukwati ndi pachigayo pomwe, makamaka ndikamasonkhanitsa anyamata oti andikankhe.

Galasi lakutsogolo linalandira mwala wochokera ku tayala la lole pamsewu wa M1. Kamng'alu kanayamba mwaulemu pakona, kenaka kanaphuka nthambi mpaka mbali ya dalaivala. Labala wogwira galasilo naye anali atauma ndi dzuwa, moti dzinja likafika mayi a kunyumba ankakwera ndi chitenje chapadera chofunda m'maondo. Ine ndinkati madziwo akutsuka dashibodi kwaulere. Koma COF itayandikira kutha, ndinadziwa kuti oyeza galimoto sadzamva za mbiri ya Rosslyn.

Galasi ndinalipeza ku Blantyre konkuno. Labala watsopano anabwera ndi alamu pabasi kuchokera ku Joni, atakulungidwa m'bulangete, ndipo mtengo wa bulangetelo unalowanso pa ine. Tsiku la ntchito kunabwera amakaniko a ku Ndirande, madala aimvi, atanyamula mpeni ndi sandipepa basi.

"Nanga makina ali kuti, madala?"

"Makina ake ati, bwana? Funsani mayi atibwereke chingwe choyanikira zovala, beseni ndi sopo."

Galimoto za masiku ano galasi amachita kumata ndi guluu wamphamvu, n'kudikira kuti aume. Zakalezi ayi. Labala ali ndi ngalande ziwiri: ina imaluma galasi, ina imaluma mlomo wa chitsulo cha galimoto. Madala anadula labala wakaleyo ndi mpeni, n'kukankha galasi pang'onopang'ono kuchokera m'kati. Litachoka, panaoneka dzimbiri limene lakhala likudya chitsulo mwakachetechete kuyambira nthawi ya Kamuzu. Anapala ndi sandipepa, napaka red oxide, nandiuza kuti labala watsopano pa dzimbiri ndi ndalama yotaya, chifukwa madzi adzapeza njira yawo yakale.

Podikira kuti penti aume, ndinaona kuti ndi nthawi yoti mwini galimoto amveke. Ndinafotokoza kuti galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, luso limene Mfalansa wina, Édouard Bénédictus, analembetsa mu 1909. N'chifukwa chake limang'aluka osamwazika, pamene la m'zitseko likasweka limasanduka timiyala. Madala anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Zikomo, bwana. Ndiye popeza mukulidziwa bwino chonchi, musalikhudze."

Labala anamuyanika padzuwa kuti afewe, n'kumuveka kuzungulira galasi. Chingwe chija anachilowetsa m'ngalande yachiwiri kuzungulira konse, nsonga zake n'kupingasana pansi, pakatikati. Ine ndinathamanga kukatenga girisi kuti zinthu ziterere. Madala anagwira mutu. Mafuta amadya labala, pamafunika madzi a sopo okha.

Ntchito yeniyeni ndi ya anthu awiri. Wina amakhala kunja, kukanikiza galasi ndi chikhatho chotambasula, osati chibakera. Wina amakhala m'kati, kukoka chingwe pang'onopang'ono kuti mlomo wa labala ukwere pachitsulo. Ndinavula jekete kuti ndikoke chingwe, poti kukoka ndi ntchito ya mutu wa banja. Madala anandiyang'ana kuyambira kumimba mpaka kumanja.

"Mayi, tabwerani mulowe m'katimu. Apa pakufunika munthu wodekha."

Anandipatsa mpando wokanikiza. Sipanapite nthawi, madala anakuwa: "Bwana, sitikukankha galimoto lero!" Anaitana mwana wa aneba wa Sitandade 8 kuti alowe m'malo mwanga, ine n'kukwezedwa paudindo wogwira beseni. Ndinaligwira ndi ulemu wonse, monga m'busa pa ubatizo, uku ndikuona mayi a kunyumba akukoka chingwe, kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, m'makona akuchizunguza mochenjera, labala akukhala m'malo mwake popanda mkangano. Chingwe chitatuluka chonse pamwamba, anatsika, napukuta m'manja.

"Bambo a ana, zaka zonsezi ndanyowa chifukwa cha chingwe changa chomwe?"

Ndinayankha kuti nkhani za umakaniko n'zozama. Tinathira ndowa ya madzi pagalasi, ndipo m'kati simunalowe ngakhale dontho. Chitenje chija chinapuma pantchito.

Mavuto anayamba m'mawa mwake. Choyamba, ndinaona boneti yanga bwinobwino, ndipo ndinazindikira kuti ili ndi mitundu itatu ya penti. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chandiondetsa, anthu anayamba kundiona. Kale mng'alu uja unali loya wanga. Wina akandikodola ndi dzanja kuti ndimunyamulire matumba a chimanga, ndinkadutsa, tikakumana n'kumuuza kuti, "Pepani achimwene, galasi lija mukulidziwa." Tsopano nkhope yanga imafika pasiteji ine ndisanafike. Mayi a pagolosale amene ndili nawo ngongole ya shuga amandizindikira ndili kutsidya kwa mlatho. Akuluakulu a mpingo andiika kale m'komiti yonyamula mabenchi. Achibale amene ankati galimoto yanga ndi bokosi la maliro loyenda, lero akufunsa ngati Loweruka ndili ndi mpata wopita kumudzi.

Madala atabwera kudzatenga ndalama yawo yotsala, anaponda mabuleki a galimoto yanga n'kupukusa mutu. Akuti mwezi wamawa tiwakonze. Ndawauza kuti tiwakonza ndithu, moyo ndi wofunika, koma asauze munthu aliyense. M'dera lathu lino, mabuleki amenewa ndi chifukwa chokhacho chimene chanditsalira chodutsira anthu osaima.