Ulemu kwa Agogo a Dazi, Tayala la Salaula

M'boma la Vubwi muli olemekezeka ambiri. Mfumu Pembamoyo ikafika pamsonkhano anthu amawomba m'manja, aphungu amalandiridwa ndi nthungululu, ngakhale wogula soya wa sikelo yokayikitsa amapatsidwa mpando pamthunzi. Koma pali wantchito mmodzi amene wanyamula chimanga, nshawa, odwala, akwati ndi maliro a dera lino kwa zaka zosawerengeka, ndipo malipiro ake ndi theche lochokera kwa aliyense wofuna kudziwa ngati muli mpweya. Ndikunena tayala la salaula, lija lodyeka mpaka kutuluka dazi, limene likuyendetsabe magalimoto akale. Lero tiwavulire zipewa agogowa.

Choyamba, ndi a mtundu wapamwamba. Kholo lawo linabadwa mu 1888 ku Belfast, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto, anaveka kanjinga ka mwana wake mpira wopopedwa mpweya. Zambia italandira ufulu, banjali linadzamanga nyumba ku Ndola, kumene kampani ya Dunlop inkapanga matayala. Masiku amenewo Land Rover inkalumikizidwa ku Ndola komweko, Fiat ku Livingstone, ndipo Chipata inkanyadira njinga za Eagle. Mafakitale aja anatsekedwa, koma magalimoto ena anakana kufa. Land Rover 109 yopanda chitseko chimodzi, Peugeot 504 yolizidwa pokankha, ka Datsun 1200 konyamula matumba kuposa msinkhu wake, onsewa anatsala amasiye. Anawalera ndani? Tayala latsopano linayang'ana kumbali n'kutchula mtengo woposa wa galimoto yeniyeniyo. Agogo a dazi ndiwo anati bwerani kuno, ana anga.

Musaganize kuti poti ndi okalamba amangokhala paliponse. Agogowa ndi osankha, ndipo kusankha kwawo kwaphunzitsa anthu masamu amene anawakanika kusukulu. Land Rover 109 imafuna tayala la 7.50-16, ndiye kuti m'lifupi mwake mainchesi asanu ndi awiri ndi theka, pa limu ya mainchesi 16 ya mabowo asanu. Limu ya Land Cruiser yakale ndi ya mainchesi 16 nayonso, koma mabowo ake ndi asanu ndi limodzi, ndiye iwalani. Peugeot 504 ya saluni ili ndi mabowo anayi, Corolla anayi, Datsun 1200 anayinso. Wosadziwa amawerenga ndi chala, amapeza anayi, amalipira, n'kukwera basi akumwetulira. Akafika kumudzi ndi pamene amazindikira kuti mabowo a Peugeot anatalikirana mamilimita 140, a Datsun 114.3, a Corolla 100 okha. Bawuti imodzi imalowa bwinobwino, zitatu zotsalazo zimangoyang'ana chitsulo. Safunsa anadya phula. N'chifukwa chake mwini galimoto wozindikira sayenda chimanjamanja. M'thumba la jekete amapinda kachidutswa ka katoni kamene anakakanikiza pa habu n'kudinda mabowo ndi khala. Akafika pamulu wa malimu amatulutsa katoni kaja mwaulemu, n'kumakayala pa limu iliyonse, maso ali tong'o, kufikira mabowo atagwirizana. Ndi yunivesite iti imene imaphunzitsa kuyeza kotereku popanda fizi?

Amaphunzitsanso dziko. Munthu amene sakanadutsa Chadiza moyo wake wonse, chifukwa cha tayala limodzi la mainchesi 12 amadziwa ngodya zonse za Down Shops ndi Kapata ku Chipata. Akalisowa kumeneko amauzidwa kuti kuli mkulu wina ku Katete amene anali ndi galimoto yotere. Ku Katete amapeza kuti galimotoyo inasanduka khola la nkhuku ndipo matayala anapita ku Sinda. Wina amamunong'oneza kuti awoloke pa Mwami akaone ku Mchinji kapena ku Lilongwe, wina kuti atulukire pa Chanida, pakuti ku Tete sikusowa zitsulo zakale. Mwambo wa Kulamba umasonkhanitsa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ku Mkaika kamodzi pachaka, mu August. Agogo a dazi amawasonkhanitsa sabata iliyonse, popanda wapampando, popanda alawansi. Akuluakulu a SADC akanakhala oyamika akanawapatsa mendulo.

Ndipo akapezeka, mwambo wowalandira ndi wosangalatsa kuuona.

"Atate, ili ndiye lanu. Langotsika kumene pa Canter, silinayende kwenikweni."

"Nanga mano ake ali kuti, mwana wanga?"

"Mano n'ngachiyani, atate? Mukufuna lizikutafunirani msewu? Gwirani mumve kulimba kwake."

Atate amaligwira, amaligubuduza, amalowetsa mkono m'kati kusisita zigamba. Amawerenga zitatu, koma amanena ziwiri kuti mtima ukhale m'malo. Chosangalatsa n'chakuti mnyamatayo pa saizi sananame, pakuti 7.50-16 ya Canter imakwanadi pa limu ya Land Rover. Chimene lole yataya, Land Rover imachilandira ndi manja awiri.

Nanga ulendo umene agogowa ayenda, ndani wa ife angaufikire? Ambiri anayambira ku Japan, anawoloka nyanja, anatsikira ku Dar es Salaam, analowa pa Nakonde. Ena mwa iwo anapangidwira chisanu cha kumeneko, mpira wawo ndi wofewa, wa timizere ting'onoting'ono togwira pa madzi oundana. Lero akuponda miyala yotentha ya October kumapiri a Vubwi, akusungunuka pang'onopang'ono osadandaula. Komanso sabisa zaka zawo. Pambali pawo, kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT, pali manambala anayi. Mukaona 2311, dziwani kuti anabadwa sabata ya 23 m'chaka cha 2011, boma la Vubwi lisanapatulidwe kuchoka ku Chadiza mu 2012. Mukapeza manambala atatu okha, gwadani, pakuti amenewo anabadwa chaka cha 2000 chisanafike. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Koma alangiziwo amakhala ku France, ndipo sanagulitsepo chimanga ku FRA n'kumadikira ndalama.

Za ntchito ndiye musanene. Andale amalonjeza ntchito kwa achinyamata, agogo a dazi amazipereka. Pitani pansi pa mtengo wa mango pamsika uliwonse mukaone. Mnyamata wavula tayala ndi zitsulo ziwiri zosongola kuchokera ku sipuling'i yakale, wasolola chubu, wachipopa, wachimiza m'beseni la madzi akuda. Onse oimirira pamenepo ali chete kudikira thovu. Likangotumphuka amabaya kamtengo ka machesi pabowopo, amapukuta, amakwecha mpaka mpira utayera, amapaka guluu, amauzira, n'kumata chigamba pambali pa chigamba chinzake. Pamenepo wogulitsa zitumbuwa wapeza makasitomala, wa chimanga chootcha wagulitsa, wa njinga yamoto wanyamula amene atopa kudikira. Tayala latsopano limangodutsa pamsikapo ndi fumbi, osasiya ngakhale ngwee.

Amalimbitsanso chikhulupiriro. Palibe mlaliki amene anagwaditsapo anthu msanga ngati tayala lakutsogolo lotuluka chotupa, galimoto ili pamtsetse, kumbuyo kuli matumba makumi awiri ndi anthu pamwamba pake. Akatolika, a Reformed, a Seventh Day ndi a gule amapemphera pamodzi. Ndipo agogowa amadziwa posankha kupuma. Saphwera pafupi ndi womata matayala ayi, amaphwera pakati pa thengo pamene foni sigwira, dzuwa likulowa, jeki itabwerekedwa dzulo. Apaulendo amene anakwera osadziwana amatsika atadziwana mafuko, atagawana mbatata, ena atapeza ndi mbeta. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sukulu ya kudekhako ili m'mbali mwa misewu yathu.

Alipo adani awo, sindikana. A RTSA ndi apolisi apamsewu akaona dazi amatulutsa buku. Amati mano a tayala ndiwo amakankha madzi, ndipo akatha galimoto imatsetsereka pamvula ngakhale muponde buleki ndi miyendo yonse iwiri. Amati pakati pa mano pali timizere topingasa tosonyeza mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayala latha. Amati kubowola mabowo atsopano pa limu kuti ikwane mokakamiza n'kuitana wilo kuti lidzakupitirireni pa Great East Road likuthamanga lokha. Zonsezi n'zoona, koma mlandu si wa agogo. Iwo sanabisepo kanthu. Amachenjeza ndi ming'alu, amachenjeza ndi chotupa, potsiriza amatulutsa mawaya kuti ngakhale mwana aone. Amene amatseka maso ndi ife. Ndipo amene anawakalambitsa msanga ndi msewu wochokera ku Chipata, umene anthu a kuno akhala akuulira zaka zambiri, pamodzi ndi timisewu ta kumidzi timene timasanduka mitsinje dzinja lililonse.

Chimene chimandigometsa kwambiri n'chakuti agogowa sadziwa ulova. Akatsika pa galimoto amakwera pa ngolo, ng'ombe n'kumawakoka mwaulemu kupita kudimba. Chubu chimadulidwa malegeni omangira makala ndi mbuzi panjinga. Mpira wa pansi umasanduka nsapato zosatha, zimene mwini wake amazisiyira adzukulu. Ana amathamangitsa chotsalacho ndi timitengo tiwiri. Limu ija ya mabowo osagwirizana, imene inakana galimoto zonse, imapachikidwa pamtengo pasukulu kapena patchalitchi, ndipo mudzi wonse umamvera kulira kwake. Tchulani nduna imodzi imene inapuma pantchito n'kukhalabe yothandiza chotere.

Choncho, inu eni Land Rover, Peugeot ndi Datsun a ku Vubwi, Katete ndi Sinda, lemekezani agogo anu monga mwa mwambo. Wokalamba satumidwa kunyamula anthu makumi awiri kupita ku Mwami usiku. Yendani ndi katoni kanu ka mabowo, werengani manambala anayi aja musanalipire, ndipo mukaona waya wasuzumira, apumitseni tsiku lomwelo mukawapatse ngolo. Mukagulitsa soya chaka chino, kutsogolo kokha ikaniko matayala a mano. Ana amene mumanyamula kumbuyoko alinso ndi ufulu wodzafika pa msinkhu wa dazi.