Msonkho wa Jekete

Pamene mtengo wa galimoto yochoka pa mlatho wa Luangwa kupita ku boma la Feira unakweranso mwezi wathawu, anthu onse a m'chigwa muno anadandaula monga mwa mwambo, ena natukwana mafuta, ena natukwana eni magalimoto ndi makolo awo omwe; koma ine, mlendo wochokera ku Mchinji, amene mpingo wathu unandituma kudzathandiza ana Chingerezi kuno ku Kavalamanja, ndinangokhala duu, pakuti ndidziwa bwino lomwe kuti ngakhale mafuta atatsika mawa m'mawa, mtengo wanga sudzatsika ayi, popeza anzanga alipirira mafuta, ine ndilipirira jekete.

Jeketeli lili ndi mbiri yake. Mbiri itamveka pamudzi kuti mwana wa amayi akupita kukaphunzitsa Chingerezi kunja kwa dziko, abale anasonkhana, ndipo amalume, amene paunyamata wawo anakumbako golide ku Joni, anagamula mlandu ndi mawu amodzi, kuti kunja kumazizira. Palibe anawatsutsa, pakuti ndani mwa ife anakwerapo sitima ya pamtunda? Mbuzi inagulitsidwa, ndipo pa kaunjika panapezeka jekete lakuda laubweya, lolemera, la nsalu ziwiri mkati, limene mwini wake woyamba, Mulungu amuone kumene ali, ayenera kuti ankayenda nalo pa chipale chofewa. Safunsa anadya phula. Ndinadinditsa pasipoti pa Mwami nditalivala, ku Chipata linandikhala bwino, ku Katete ndi ku Petauke ndinamasula batani limodzi, ndipo titapitirira Nyimba, msewu utayamba kutsetsereka ndi kukhotakhota kulowera kumtsinje, ndinazindikira kuti amalume ndi ine sitinali kunena za kunja kumodzi.

Iye amene sanaone Okutobala m'mbali mwa Zambezi asandiuze za kutentha. Shadrake, Mesake ndi Abedinego anatuluka m'ng'anjo zovala zawo zosapsa, koma iwo analowamo tsiku limodzi, ndipo sanauzidwe kuti aphunzitse ana kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito ali momwemo.

Tsono msonkho unayambira pa mlatho pomwepo, pamene amayi amayala nsomba zouma m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Mnyamata wa kabudula anagula mulu wa nsomba ine ndikuona, koma nditaloza mulu unzake, wolingana nawo ngakhale mitu, mayi uja anayang'ana jekete kuyambira pakolala kufikira m'matumba, natchula mtengo wina, ndipo pamene ndinafunsa mwaulemu chimene nsombazo zinadya kuti zikwere msanga chotere, anati, "Aa, abwana, inunso mungalire?" Kondakitala naye, pa ulendo wa makilomita pafupifupi 90 wopita ku boma, anandikhazika kutsogolo pafupi ndi injini, kumene amati ndi kwa anthu olemekezeka, nandilipiritsa ulemuwo. Masau, amene mwana aliyense amatola pansi kwaulere, kwa ine ali ndi mtengo. Wopalasa bwato ali ndi mtengo wa anthu, wa mbuzi, wa njinga, ndi wa jekete.

Wowerenga wanzeru adzafunsa kuti, nanga osalivula bwanji? Funsolo n'la munthu wopanda abale. Kumudzi amafuna zithunzi pa WhatsApp, ndipo amayi amazionetsa ku Chigwirizano. Tsiku limene ndinatumiza chithunzi nditavala malaya okha, mlongo wanga anaimba usiku kufunsa ngati andichotsa ntchito. Ndiponso chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mbumba yonse inaphunzira masamu mwadzidzidzi, kotero kuti ngakhale mphwanga amene analephera sitandade 8 amadziwa kusandutsa kwacha ya Zambia kukhala ya Malawi pamtima, msanga kuposa a ku banki. Ndinayesa kuwalongosolera kuti ndalama za kuno zimaoneka zochepa manambala chifukwa mu 2013 eni ake anazidula maziro atatu, ndi kuti zanga n'zochepa ndithu ngakhale mutabwezerapo mazirowo. Koma amalume anati munthu wa jekete lotero sanena zoona pa nkhani ya ndalama, naonjezera pa mndandanda feteleza matumba awiri.

Ndi njovu zomwe zalowerera pa nkhaniyi. Ana a sukulu anandilangiza kuti ikakuthamangitsa uvule chovala uchiponye pansi, kuti iyo itanganidwe nacho iwe uthawe. Madzulo ena, ndikuchokera kumtsinje, ndinamva nthambi ikuthyoka chapafupi, ndipo ndinaima pakati pa njira ndikuyeza pa sikelo moyo wanga ndi mbuzi ya amayi; mbuzi inalemera, ndinathamanga nditalivala, ndipo amene anandiona amati chiyambire sanaone jekete laliwiro chotere. Chothyola nthambicho, anatero, chinali nyani.

Komabe tsiku la ulemerero wa jeketeli limafika m'Marichi. Pa 6 Marichi 1978 asilikali a Rhodesia anaoloka Zambezi nathira nkhondo msasa wa ZIPRA, ankhondo a Joshua Nkomo, pa Kavalamanja pano, ndipo anafa anthu, ena mwa iwo asilikali a Zambia. N'chifukwa chake chaka ndi chaka kumabwera akuluakulu kudzaika nkhata za maluwa. Tsiku limenelo fumbi la magalimoto limaoneka patali, ndipo chigwa chonse chimadzaza majekete anzake a langa. Mnyamata wina wolandira alendo, poona ubweya wake, ananditsogolera pa mpando wa pamthunzi, nandipatsa madzi a m'botolo, ine osakana, pakuti mlendo ndi mame. Ndili pamenepo ndinamva Chingerezi chabwino, chosalala, chimene ndikadachipatsa mamalikisi onse; koma kutsogolo kwathu, padzuwa, panakhala agogo amene usiku wa nkhondoyo anagona kutchire ana ali kumsana, akuomba m'manja pamene ena aomba.

Apa ndiye pandiwawa, ndipo sindiseka. M'kalasi mwanga muli mtsikana amene kunyumba amayankhula Chikunda, kumsika Chinsenga ndi Chinyanja, ndipo akapita ndi amayi ake ku boma, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, Zumbo ali patsidya ku Mozambique ndi Kanyemba patsidya lina ku Zimbabwe, amatsatsa nsomba m'Chipwitikizi chapamsika ndi m'Chishona, nasintha kwacha, metikali ndi dola osalakwitsa ngwee. Mwana ameneyu, pepala la mayeso likamufunsa za nsomba yomweyo m'Chingerezi, amangoti kakasi, ndipo ine, amene ndimabedwa pa mlatho m'chinenero chimene ndinayamwa, ndimatenga cholembera chofiira kulemba kuti ndi wofooka. Mu 2014 akuluakulu a maphunziro anati ana ayambe giredi 1 mpaka 4 m'chinenero cha kudera kwawo. Maphunziro atsopano a 2025 abwezera Chingerezi pampando. Chingerezi achiphunzire ndithu, pakuti ndicho chidzamtsegulira ofesi ku Lusaka, ndipo ndicho chimandidyetsa. Koma kuyeza nzeru zonse za mwana ndi chinenero chimene amachimva kwa munthu mmodzi yekha pamudzi, munthuyonso atatuluka thukuta mpaka m'nsapato, kumeneko ndi kulipiritsa mwana msonkho womwe uja, iye jekete alibe.

Za mtengo wa galimoto, ndapeza njira. A mfumu a mudzi wina wapafupi anatuma mthenga kudzabwereka jekete popita ku mlandu, ndipo mlanduwo unawakomera. Mbiri inawanda, ndipo tsopano limapita ku maukwati, ku zifunsiro za mbeta ndi ku maliro a anthu otchuka, libwerako ndi nkhuku, nthawi zina nsomba, kamodzi botolo la kachasu wa masau limene ndinapereka kwa mlonda, popeza ndine wa mpingo. Lafika kale ku Zumbo ndi ku Kanyemba popanda pasipoti, pamene mwini wake sanaolokepo. Poona kuti mwa awirife ilo ndilo lilandira malipiro okhazikika, ndalembera amalume kuti nkhani ya feteleza aikambe ndi ilo mwachindunji, koma adikire kufikira mwezi wa mawa, pakuti Loweruka lililonse la mwezi uno lili kale ndi mwini.