Mmene Mungamusowetsere Mtendere Mwana pa Tchuthi cha Disembala

Yambani ndi lonjezo. Sukulu zikangotsekera, muuzeni mwana kuti pa 25 Disembala, tsiku limene ku Mozambique kuno boma limalitcha Tsiku la Banja, adzavala nsapato zatsopano ndi kudya mpunga wa nkhuku. Lonjezani mukudziwa kuti nkhokwe yatsala pang'ono kugwa ndipo ndalama ya fodya inathera ku mbewu ndi ngongole. Mwana wa zaka 5 amawerenga masiku ndi zala. Tsikulo likafika lopanda kanthu, saganiza za mitengo ya kumsika, amangoti walakwa ndi iyeyo.

Kenako ulendo. Mudzutseni tambala asanalire, osamuuza kumene mukupita kapena tsiku lobwerera. Mukwezeni chapa ya ku Cuamba, kapena muwoloke naye pa Mandimba kulowera ku Chiponde, atapanikizika pakati pa matumba. Akafunsa, muyankheni kuti, "Ukaona konko." Kansalu kaja amagona atakakumbatira kasiyeni, poti n'kakuda.

Kwa agogo ndiye kuli ntchito yeniyeni. Mukankhireni m'manja mwa azakhali amene sanawaonepo, ndipo akabisala kuseri kwa chitenje chanu, nenani pamaso pa onse kuti alibe mwambo. Muyerekezeni ndi asuweni ake a kutauni, olankhula Chipwitikizi mosadodoma: "Taona anzako!" Nsima azidya pamene akuluakulu akumbukira. Usiku wa pa 31 Disembala nyimbo zilire mpaka mbandakucha, iye mumutume mumdima kukagula kachasu, kenako aone abambo ake ndi amalume ake akugwirana pakhosi pa nkhani ya malire a munda.

M'mawa mwake mupeza mphasa yanyowa. Mwana amene anasiya kalekale kukodza pogona akayambiranso pa nthawi ngati iyi, kawirikawiri amakhala ndi mantha amene akusowa powatulira. Kuti manthawo azike mizu, yanikani mphasayo pabwalo, muitane anzake amuseke. Ine anandichita zimenezi ndili ndi zaka 6, kumudzi kwa amayi cha ku Ngauma. Ndinatha sabata yathunthu ndikukana kumwa madzi madzulo, ndikugona maso ali gwa kuopa tulo, ndipo palibe wamkulu ngakhale mmodzi amene anandifunsa chimene chinkandiopsa.

Kulira kulikonse kutcheni kupusa. Apa ndiye pamene pamatayika moyo. Disembala ndi nthawi ya dzinja, ndipo madambo a nyanja ya Amaramba, kuchokera kumene nyanjayi imalumikizana ndi Chiuta mpaka kumene mtsinje wa Lugenda umatulukira, amadzaza udzudzu. Neti isiyeni kunyumba. Mwana akafooka, akakana chakudya, thupi lili lotentha, nenani kuti akuchita dala, mudikire chikondwerero chithe. Malungo kwa mwana wosakwana zaka 5 sadikira masiku amenewo. Mukamapita kophika kapena kovina, musiyeni ndi mchemwali wake wa zaka 8 pafupi ndi dooko la nyanja mmene muli ng'ona ndi mvuu, kuti nayenso asenze nkhawa ya munthu wamkulu.

Zonsezi zimachitika m'makomo mwa anthu okonda ana awo. Mayi, bambo, musanamange katundu chaka chino, khalani pansi ndi mwanayo, mumuuze kumene akupita, amene akawapeze, ndi tsiku limene adzabwerere. Neti ndi kansalu kake kaja zilowe m'chikwama zisanalowe zina zonse.