Chitamando cha Nyakwawa ya M'kabati

Mwa zolemekezeka zonse za mzinda wa Gaborone, kuyambira chipilala cha mafumu atatu aja, Khama, Sebele ndi Bathoen, amene adaoloka nyanja m'chaka cha 1895 kukadandaulira dziko lawo ku Britain, kufikira phiri la Kgale limene liyang'anira mzindawo monga mbusa, palibe chimene ine ndichiombera m'manja koposa kabokosi kafumbi kokhala m'kabati kuseri kwa ofesi yathu, pambali pa tsache ndi ndowa, kakuphethira timagetsi tobiriwira usana ndi usiku. Amisiri akatcha switch, koma ine ndikatcha nyakwawa, pakuti chingwe chikadzaza, ndiko kamene kamagamula kuti mawu a yani atsogole, ndipo a yani akhale pamphasa.

Atswana ali ndi bwalo lawo lotchedwa kgotla, kumene ngakhale mmphawi amaimirira nalankhula, mfumu ili chete kumvetsera. Nyakwawa yathu ilibe mwambo wotayitsa nthawi woterewu. Chilichonse chotuluka m'kompyuta, kaya ndi imelo kaya liwu la munthu, chimadulidwa timapaketi, ndipo lamulo la IEEE 802.1p, la m'chaka cha 1998, lidakonza mipando isanu ndi itatu, kuyambira 0 kufikira 7, kuti paketi iliyonse idziwe pokhala pake. Ndipo taonani kuzama kwa nzeru yake: mpando wa nambala 1 uli pansi pa mpando wa nambala 0, kotero kuti mu ufumu umenewu wotchedwa woyamba ali kapolo wa iye amene sali kanthu! Palinso chisoti china chotchedwa DSCP, cha maudindo 64, ndipo liwu la pa foni limavala nambala 46, nilidutsa onse atapatuka, monga umadutsira mdipiti wa galimoto za akuluakulu pamsewu. Chifukwa chake n'chomveka ndithu, pakuti akatswiri a bungwe la ITU adapeza kuti liwu likachedwa panjira kupitirira mamilisekondi 150, anthu amayamba kudulana mawu pakamwa, ndipo liwu lochedwa lili ngati ndiwo zofika nsima itatha.

Ine chilungamo chimenechi ndidachilawa Lachisanu lina masana, pamene ndinkatumiza kwa achimwene ku Dedza zithunzi za pulani ya nyumba imene tikumangira mayi. Mabwana adali pamsonkhano wa pa vidiyo m'chipinda chapamwamba, ndipo kamzera kosonyeza mmene zithunzi zanga zinkapitira kadafika pakati n'kuima njii, ngati bulu amene waona mtsinje. Mnyamata wosamala makompyuta adangoti, "Dikirani, Rra, akulu akulankhula." Apo m'pamene ndidazindikira kuti nyakwawa ndi mphunzitsinso, pakuti makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe sukulu imene idandiphunzitsa mwambiwu monga kabokosi aka. Ngakhale chifundo ili nacho: malo odikirira akasefukira imataya mapaketi a ife anthu wamba, podziwa kuti kompyuta yotumiza idzawaukitsa kwa akufa n'kuwatumizanso, mwayi umene liwu la bwana silipatsidwa.

Ena oipa mtima amati nyakwawa siikulitsa chingwe ngakhale pang'ono, imangosankha wogona ndi njala. Izi n'zoona, koma kodi ndi mfumu iti idachulukitsapo chimanga pochigawa? Mnzathu wina wochenjera adaveka mapaketi ake onse chisoti cha 46, anzake namtsanzira, ndipo sabata isanathe foni iliyonse inkachita chibwibwi, popeza atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji makumi awiri.

Chondikhudza koposa ndi kudzichepetsa kwake, chifukwa ufumu wake umathera pachipata. Botswana alibe nyanja, ndipo mapaketi ofuna kutsidya amayenda pa zingwe za BoFiNet, ena kukalowa m'chingwe cha pansi pa nyanja cha WACS ku Swakopmund. Koma akangotuluka m'nyumba, makampani a intaneti kawirikawiri amawavula zisoti zija, bwana ndi kalaliki nayenda m'fumbi limodzi.

Zithunzi zanga zidafika ku Dedza itangopitirira 5 koloko, mabwana atapita kwawo, ndipo sizidatenge ndi mphindi ziwiri zomwe.