Chakomachakoma: Gologolo ndi Kokonati mu Mzinda wa Mzuzu

Kokonati si poizoni kwa gologolo, ndipo mwambi woti chakomachakoma pusi anagwa chagada sukamba za poizoni. Pusi wa m'mwambiwu sanadye chiphe. Anadya chipatso chokoma, nafunanso china, kenako n'kutambasulira dzanja chachitatu cha kunsonga, nthambi n'kuthyoka. Makolo sanatchule mtundu wa chipatsocho, choncho palibe choletsa kuika gologolo pamalo pa pusi, ndi kokonati wa kumsika pamalo pa chipatso chakutchire.

Mwachilengedwe awiriwa sanayenera kukumana ku Mzuzu. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira moti ngakhale mbala imaganiza kawiri isanatuluke m'bulangete. Mtengo wa kokonati umafuna kotentha, kwachinyontho, m'mphepete mwa nyanja. Pano ukanafunika juzi. Kokonati amene amapezeka mumzindamu amachita kubwera pa galimoto, ndi mlendo ngati zitenje za ku Tanzania za pa msika wa Taifa. Gologolo ndiye mwini nthaka. Analipo azungu asanatsegule esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, imene inabala tauniyi, ndipo pamene Mzuzu ankakwezedwa kukhala mzinda mu 1985 palibe anamufunsa maganizo. Ankadya masuku, nkhuyu, njere, khungwa, tizilombo, nthawi zina dzira la mbalame mwini wake akachoka. Nyumba zitafalikira ku Katoto, Luwinga ndi Mchengautuwa, nkhalango ngati ya Kaning'ina n'kumadyedwa ndi nkhwangwa, gologolo anasamukira m'mitengo ya mapeyala ndi magwafa ya m'mipanda. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mtundu watsopano wa munthu: woponya chakudya m'malo mwa mwala.

Pa zonse za kokonati, chimene chimamukomera gologolo popanda vuto ndi chigoba. Mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, ndipo akapanda kukukuta zolimba amatalika mpaka kumulepheretsa kudya. Chigoba chotsala ndi mnofu pang'ono chimamupatsa ntchito ya tsiku lonse, malipiro ochepa, monga zimakhalira ntchito zambiri m'tauni. Kumaiko monga Malaysia agologolo sadikira n'komwe kupatsidwa. Amaboola okha kokonati wamuwisi ali mumtengo, ndipo alimi akumeneko akamva kuti kwina kuli anthu amene amagula kokonati n'cholinga chodyetsa gologolo angafunse ngati anthuwo ali bwinobwino.

Nkhani imavuta pa mnofu woyera uja. Pa magalamu 100 alionse, magalamu pafupifupi 33 ndi mafuta. Kanyama kolemera ngati sopo mmodzi kapena awiri ochapira sikafunika mafuta ochuluka chotero tsiku ndi tsiku. Kamanenepa, ndipo gologolo wonenepa ali ngati wakabaza wa mimba: ntchito akuidziwa, koma chitunda chikumukana. Vuto lalikulu lili m'mafupa. M'magalamu 100 omwewo muli kashiamu, mchere womanga mafupa, wokwana mamiligalamu 14 okha, pamene fosiforasi ndi woposa mamiligalamu 100. Thupi likalandira fosiforasi wambiri ndi kashiamu wochepa, limayamba kubwereka kashiamu m'mafupa ake omwe, ngongole imene silibweza, ngati ya ku banki m'khonde itagwa m'manja mwa mlamu. Anthu osamalira agologolo ovulala ku Ulaya ndi ku America amawadziwa bwino matendawa, chifukwa amagwira nyama zodyetsedwa mtedza ndi mpendadzuwa zokhazokha. Mafupa amafewa, miyendo yakumbuyo imafooka, ndipo tsiku lina kanyamako kamalumpha kuchoka pa nthambi ya peyala kupita pa denga monga mwa masiku onse, koma osafika. Apa mwambi umakwaniritsidwa liwu ndi liwu, mpaka chagada chenichenicho, ngakhale makolo analibe makina oyezera kashiamu.

Kusiyana kwake n'kwakuti pusi wakale ankachita kukwera yekha kulondola chokomacho, ndiye mlandu unali wake. Masiku ano chokoma chimatsika chokha, pa mbale yapulasitiki, pakhonde, pamaso pa foni yojambula. Wodyetsayo amati, "Taonani kakudya ngati munthu!" Ndipo n'zoona, kakudyadi ngati munthu, poti mwini khonde nayenso chakudya chake chamasana ndi tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, ndipo kuchoka pa depoti kufika ku msika waukulu amakwera njinga ya kabaza yotchedwa Sacramento.

Kokonati wopangidwa kale ndiye woipirapo. Wouma wothira shuga uja wa m'makeke, mabisiketi ndi maswiti a fungo la kokonati zili ndi shuga, mchere ndi mafuta ena amene gologolo sanawaonepo m'nkhalango. Mnofu wogonera nawo suchedwa kuchita chuku m'nyengo ya mvula ya ku Mzuzu, imene imadziwa poyambira koma posiyira imaiwala. Chuku china, monga chimene alangizi amachenjeza pa mtedza ndi chimanga, chimawononga chiwindi. Chifundo chopatsa nyama zimene mwini nyumba wanunkhiza n'kuzikana n'chokayikitsa.

Palinso ngozi imene siili m'chakudyamo. Gologolo amakhala moyo chifukwa cha mantha. Akazolowera kuti munthu ndi golosale, amatsika pansi n'kumayenda mchira uli m'mwamba ngati walipira lendi. Koma mpanda woyandikana nawo uli ndi mphaka, wotsatira uli ndi galu, ndipo kuseri kwake kuli mnyamata wa legeni amene agogo ake anamuphunzitsa kuti gologolo ndi ndiwo. Nyama yozolowera dzanja imalumanso chala chikachedwa kutsegula, ndipo mano oboola chigoba saona chala ngati nkhani.

Muyeso woyenera, kwa amene mtima sukumulola kungoyang'ana, ndi kachidutswa ka kokonati watsopano kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, mwa apo ndi apo, koikidwa pa nthambi osati m'manja. Kabeseni ka madzi oyera mu Okutobala ndi mtengo wa gwafa wosadulidwa zimathandiza kuposa pamenepo, ngakhale sizioneka bwino pa chithunzi. Akapatsidwa zambiri, gologolo amachita zimene amachita ndi njere zakutchire: amakabisa zotsala pansi kuti adzadye mawa. Njere yoiwalika imamera n'kukhala mtengo. Chidutswa cha kokonati chimangoola m'bedi la maluwa, ndipo amene amadzachifukula usiku ndi khoswe.