Wamva M'mimba ndi Kalata ya Dokotala

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kutanthauza kuti mwini vuto sadikira wina kuti amuyendere. Mwambiwu unabadwa kusanabwere mabwana. Masiku ano munthu amatsekula chitseko pakati pa usiku chifukwa wadwala ndi mwana, n'kuthamangira kuchipatala, ndipo pobwerera kuntchito amakumana ndi funso limene makolo sanaliganizire: umboni uli kuti woti chitsekocho chinatsekulidwadi?

Ku America nkhaniyi inalowa m'malamulo. Mu 1993 pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo lotchedwa FMLA, lolola wantchito kuchoka mpaka masabata 12 pachaka pamene wadwala kwambiri, kapena kukadwazika mwana, kholo, mkazi kapena mwamuna wake, ntchito ikumudikira. Malipiro okha ndiwo samudikira. Lamuloli limagwira makampani a antchito 50 kapena kuposa, ndipo wopempha tchuthi akhale atagwirapo miyezi 12 ndi maola 1,250. Apongozi mulibemo. Akadwala apongozi, chitseko atsekule mwana wawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini mwambi nayenso mulibemo: malamulo a FMLA amatchula chimfine, kupweteka kwa khutu ndi kuvuta kwa m'mimba ngati matenda osafika pa muyezo, pokhapokha atakula. Wamva m'mimba wa ku Chicago atsekule chitseko, athane nazo, abwerere kuntchito.

Bwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala, ndipo pamenepa salakwa, pakuti alipo antchito amene amayi awo amadwala Lolemba lililonse lotsatira malipiro. Wantchito amapatsidwa masiku 15 oti abweretse kalatayo. Boma linakonza fomu yake ya wodwazika m'bale, WH-380-F. Ikabwera yoperewera, bwana alembe chimene chikusowa n'kupereka masiku ena 7. Wosabweretsa konse akhoza kumanidwa tchuthi.

Mwambi umatchula chitseko chimodzi, koma aliyense amadziwa kuti wamva m'mimba akafika kumene akuthamangira amatseka china, ndipo satseka mwachibwana. Chitseko chachiwirichi ndicho mabwana ambiri amalakalaka kusuzumirapo. Kalata imayenera kunena tsiku limene matenda anayamba, nthawi imene angatenge, ndi mfundo zokwanira kusonyeza kuti wodwala akufunikadi womusamala. Dzina la nthenda dokotala akhoza kulisiya. Apa m'pamene bwana wokonda nkhani amavutika, chifukwa pepala limamuuza kuti mkazi wa wantchito wagonekedwa kwa sabata, koma osamuuza ngati ndi pathupi, chotupa kapena zija sizitchulidwa pagulu. Amalitembenuza kumbuyo, kulibe kanthu.

Kuimbira foni dokotala sikumuthandizanso. Kapitawo amene amayang'anira wantchitoyo tsiku ndi tsiku saloledwa m'pang'ono pomwe kulankhula ndi dokotala. Angaimbe ndi a ofesi yoona za antchito kapena mkulu wina, ndipo mafunso awo ndi awiri okha: kodi kalatayi munalemba ndinu, nanga apa munalemba chiyani? Funso lachiwirili n'lomveka kwa aliyense amene anaonapo kalembedwe ka madokotala. Lamulo lina la mu 1996, HIPAA, limamanga pakamwa pa dokotala ngati wodwala sanavomereze. Ambiri amaganiza kuti limaletsanso bwana kufunsa, koma ayi: pakamwa pa bwana silikhudzapo. Mapepala akafika amasungidwa m'failo yapadera, kutali ndi ija ya makalata a chenjezo ndi zokwezedwa pantchito.

Bwana akakayikabe, atha kutumiza wodwalayo kwa dokotala wachiwiri, ndalama zake zochokera m'thumba la kampani. Awiriwo akasiyana maganizo pamabwera wachitatu, wosankhidwa ndi mbali zonse, wolipidwanso ndi kampani, ndipo mawu ake ndiwo omaliza. Nthawi yonse imene madokotala akutsutsana wantchito amakhalabe wotetezedwa, moti nthawi zina chigamulo chimafika wodwalayo atachira kale, akufunsa kuti alendo onse ovala zoyerawa akumufunanji.